Galimoto ya mpongozi wanga imandidikira pachipata

Aphungu,

Kalata iyi ndakhala ndikuiyamba n'kuisiya, chifukwa munthu wa msinkhu wanga, mkulu wa mpingo, amayenera kupereka malangizo, osati kuwapempha. Koma masiku ano ndikagwada pemphero likumathera pakati, ndipo ndikudziwa chimene chikulitsekereza. Ndiloleni ndikuuzeni zonse, ndipo ngati ndili woyenera kudzudzulidwa, mundidzudzule. Mukhululuke zilembo zikuluzikuluzi, ndi mmene ndikulembera tsopano.

Ndili ndi zaka 74. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi kuno ku Tukuyu mpaka ndinapuma. Mayi a kunyumba anatsogola zaka zinayi zapitazo. Ndimakhala ndekha m'nyumba yanga, ndipo mwana wanga Gwakisa anamanga yake kumunsi kwa munda wa nthochi, pamalo omwewa. Diso langa lamanzere linafa kale. Latsala lamanja, ndipo adokotala a ku Mbeya anandiuza mosabisa kuti madzi a m'kati mwa disolo akupanikiza mtsempha woonera, ndipo mbali imene yafa sibwereranso. Anandipatsa mankhwala odontheza, nati ndizipita mwezi ndi mwezi kuti azikandiyeza.

Kale ulendo wa ku Mbeya sunali nkhani. Ndinali ndi njinga yanga yamoto, imene inkandifikitsa kutchalitchi, kumsika, ndi kumaliro mpaka ku Kyela. Koma tsiku limene ndinagunda mbuzi ya aneba osaiona n'komwe, Gwakisa anazula kiyi n'kuika m'thumba mwake. Lero njingayo ili kuseri kwa khitchini, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Za minibasi musazitchule. Akamandiyeza amandithira mankhwala ena amene amachititsa kuti zonse ziziwalima mpaka madzulo, ndipo ulendo wina pa Uyole ndinakwera yolowera ku Iringa ndikuganiza kuti ndikubwera kwathu.

Choncho Gwakisa ndiye ankanditenga pa galimoto yake, ndipo zinkayenda bwino. Koma chaka chatha anapeza ntchito yoyendetsa malole opita ku Congo. Amakhala milungu osabwera, ndipo ngakhale iye mwini sadziwa tsiku limene adzamasulidwe pamalire. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Dar. Galimoto inatsala m'manja mwa mkazi wa Gwakisa, mayi a Ipyana, amene amayendetsa bwino ndithu, poti ndiyo imene amatengera mapeyala ake kumsika.

Apa ndiye pali vuto langa. Kwathu kuno mkazi wa mwana wako ndi iwe mumaopana. Sakuyang'ana nkhope, nawe sumuyang'ana. Salowa m'nyumba mwako, satchula dzina lako, ndipo mukakumana panjira amapatuka n'kudziphimba kumutu. Ndikudziwa kuti mabanja ambiri anazisiya izi, koma ife sitinazisiye. Bambo anga anamwalira asanaonepo nkhope ya mkazi wanga, chonsecho ndi amene ankawaphikira mpaka tsiku lomaliza. Mayi a Ipyana nawo analeredwa chimodzimodzi. Chikhalireni pamudzi pano, chakudya chawo ndimachidya, mawu awo ndimawamva kuseri kwa nthochi, koma nkhope yawo sindinkaidziwa.

Gwakisa atachoka, mlongo wanga Ndimbumi, amene ndi wamasiye ndipo amakhala kutsidya kwa msewu, anabwera ndi nzeru. Anati, "Achimwene, vuto lili pati? Timange chitenje pakati pa mipando. Inu kumbuyo, ine kutsogolo, mawu onse azidutsa mwa ine." Tinachitadi zimenezo. Mayi a Ipyana anapotozanso kagalasi koonera kumbuyo kaja kuti kayang'ane kudenga. Ndinalowa iwo atatembenukira kumbali, ndipo tinanyamuka. Kuti ndinene kuti achepetse liwiro, ndinkauza Ndimbumi, iye n'kubwereza, ngakhale onse tinali m'kagalimoto kamodzi kakang'ono.

Titadutsa Kiwira wapolisi wa pamsewu anatiimitsa. Ndinamumva akufunsa, "Mayi, kumbuyoko mwanyamula maliro?"

Mayi a Ipyana anati, "Ayi bwana, ndi munthu wamoyo."

"Nanga nsaluyi? Nanga galasili likuyang'ana kumwamba bwanji, mukuyendetsa galimoto kapena mukulondera mvula?" Kenako anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kundipeza ndili khale ndi chipewa changa pamaondo. "Agogo, anthu awa akukubani?"

Ndinati ayi, ndi apabanja. Iye anabwerera kutsogolo n'kunena kuti, "Chabwino mayi, ngati ndi apabanja, agogowa dzina lawo ndani?"

Mayi a Ipyana sakanatha kulitchula, ngakhale akanawauza kuti akagona m'chitokosi. Ndimbumi ndiye anaphulika. "Mwana iwe, unabadwira kuti? Ukufuna atchule dzina la apongozi ake pamsewu, ogulitsa mbatata akumva?"

Mnyamatayo anaseka nati, "Pepani agogo, ine ndine wa kutali. Kwathu apongozi timalimbirana nawo ndiwo."

Ndimbumi anati, "N'chifukwa chake kwanuko mvula sigwa."

Wapolisiyo anaseka mpaka kugwira galimoto, koma pa nkhani ya chitenje sanasinthe. Anati m'mapiri muno, ndi nkhungu imeneyi, ndi malole amenewa, munthu sangayendetse osaona kumbuyo. Anamasula yekha chitenjecho, nakonza kagalasiko, natilola kupita.

Aphungu, chimene ndikufuna kuulula ndi ichi. Tikukwera chitunda, ndinadzutsa mutu, ndipo maso anga anakumana ndi a mayi a Ipyana m'kagalasimo. Kanali kanthawi kochepa chabe. Iwo anabweza maso msanga, ine ndinawerama. Koma ndinali nditaona kale kumene mdzukulu wanga Ipyana anatenga maso ake aja, amene ndakhala ndikuuza anthu kuti ndi a malemu agogo ake. Ndipo m'malo mochita manyazi okha, mtima wanga unasangalala. Ndinati, kodi uyu ndi munthu amene wakhala akundiphikira nthochi ndi nyemba zaka zonsezi? Kenako mantha anandigwira chifukwa cha kusangalalako.

Koma mlongo wanga Ndimbumi chinsinsi sachitha. Nkhani ya wapolisi anaikamba pachitsime ngati nthabwala, ndipo Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero, mkulu mnzanga a Asajile anandiimitsa pamaso pa akuluakulu ena. Anati, "Akulu, tamva kuti mwalemba dalaivala watsopano. Mumakhala pampando kapena amakuberekani kumbuyo?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Koma atandikokera pambali anatsitsa mawu nati, "Mnzanga, diso lamanzerelo linafa ndi matenda. Lamanjali musaliphe nokha poyang'ana zosayenera. Bambo anu akanadzuka lero akanati chiyani?"

Ndine Mkhristu, Aphungu. Ndinabatizidwa ndili mwana, ndipo ndaphunzitsapo ena kuti matenda sabwera chifukwa cha zoterezi. Koma mawu aja analowa n'kukhazikika. A Asajile ali ndi ana aamuna atatu pafupi, amangosankha wowanyamula. Ine ndinabwerera kunyumba n'kuuza Ndimbumi kuti galimoto ija sindidzakweranso.

Mwezi wotsatira ndinakwera bodaboda, kabaza wa njinga yamoto. Mvula inatipeza panjira, tinaterereka m'matope, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi bondo lotupa osafika n'komwe kuchipatala. Kuyambira pamenepo sindinapitenso. Masiku anga oyezetsa adutsa kangapo tsopano. Mankhwala atatha ndinatenga kabotolo kopanda kanthu n'kukagula ofanana nawo m'sitolo ya mankhwala kuno ku Tukuyu.

Choipitsitsa n'chakuti ndikunamiza mwana wanga. Amaimba foni ali pamzere wa malole, nafunsa, "Bambo, munapita?" Ine ndimati, "Ndinapita." "Adokotala akuti bwanji?" "Akuti zili bwino, iwe uziyang'ana msewu wako." Iye amati, "Mulungu ndi wabwino, bambo," n'kudula. Lamulungu lake ine ndemwe ndikugawa nawo Mgonero wa Ambuye ndi manja omwewa.

Ndipo sizili bwino. Dziko likundichepera m'mbali, ngati ndikusuzumira m'paipi. Ndagundapo felemu ya chitseko changa chomwe. Kutchalitchi anthu amandipatsa moni atandiimira chammbali, ine osawaona, ndipo ena ayamba kunena kuti ndayamba matama. Tsiku loyezetsa likamayandikira tulo sindilipeza, chakudya sichilowa, mtima umagunda ngati ndathamanga. Ndayamba kupsa mtima ndi zazing'ono. Maliro a kutali ndinasiya kupita, ndipo kuno munthu wosaoneka pamaliro mukudziwa mmene amamuonera. Nthawi zina ndimakhala pakhonde n'kumadziona ngati mkoko wa nthochi umene auika m'mbali mwa msewu kudikira woti aukweze. Ine amene ndinkanyamula anthu.

Tsopano imvani zimene mayi a Ipyana akuchita. Tsiku lililonse limene ndikuyenera kupita ku Mbeya, amabweretsa galimoto m'mawa n'kuiimika pachipata changa. Amatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kukaima potero atafulatira nyumba yanga, nsalu ili kumutu. Saimba belu, saitana. Ine ndimakhala kuseri kwa katani ndikuwaona, Baibulo lili m'manja. Akadikira mpaka dzuwa kukwera, amatseka chitsekocho mwakachetechete n'kupita kumsika mochedwa, ogula abwino atapita kale. Anatumiza mawu kudzera mwa Ndimbumi akuti, "Kawauzeni agogo a Ipyana kuti kwa bambo a Ipyana ine sindinena kanthu, si pakamwa panga poyenera kunena. Koma galimoto izibwera." Ndimbumi atandiuza anawonjezera ake: "Achimwene, mwakalamba ndi mutu womwe."

Tsiku lina loyezetsa likubwera kumayambiriro a mwezi wamawa, ndipo ndikudziwa kuti galimoto idzaimanso pachipata. Ndikakwera, ndanyoza bambo anga ndipo ndikhala choseketsa cha akuluakulu anzanga. Ndikapanda kukwera, ndikuopa mdima. Ndichite chiyani, Aphungu? Ndipo kodi munthu amazolowera bwanji moyo wodikira kunyamulidwa, poti sizidzathanso?

A.M., Tukuyu

*

Bambo A.M.,

Tiyambe ndi diso, chifukwa zina zonse zingathe kudikira koma ilo ayi. Musadikire mwezi wamawa. Imbani kuchipatala sabata ino, kapena wina akuimbireni, muwauze kuti mwajomba kangapo ndipo kuona kukucheperachepera m'mbali, akupatseni tsiku lapafupi. Mukakafika mukanene zoona zonse, ndipo mukatenge kabotolo kamene munagula nokha kaja akakaone. Akakukalipirani pang'ono. Mwakalipiridwapo ndi azungu a pa esiteti, simunafe.

Musanapite, muimbireni Gwakisa. Musadikire kuti aimbe iye n'kukufunsani, yambani ndinu, ndipo munene mosazungulira: "Mwana wanga, ndakhala ndikukunamiza, sindinapite." Adzakwiya, chifukwa amakukondani. Koma bodzali silikulemera inu nokha. Mwamusenzetsa mpongozi wanu chinsinsi pakati pa iye ndi mwamuna wake, ndipo tsiku limene Gwakisa adzadziwe kudzera kwina, woyamba kufunsidwa adzakhala iyeyo, osati inu. Mutuleni katundu ameneyu. Pemphero limene mukuti likuthera pakati lija mudzaona mmene lidzayendere mukatero.

Tsopano za mwambo. Sindiuseka, ndipo sindikuuzani kuti muutaye ngati chovala chong'ambika. Makolo anu anauika kuti pakhomo pakhale ulemu, ndi kuti mkazi wobwera kudzakwatiwa akhale wotetezeka. Ndiye dzifunseni, pamudzi panu ndani akuusunga kuposa mayi a Ipyana? Wapolisi anawaimitsa pamsewu, iwo analolera chilichonse kusiyana ndi kutchula dzina lanu. Akutaya ogula kumsika ataima pachipata chanu atafulatira. Ulemu umene mwambowo unkafuna mwaupeza kale, wosefukira. Chatsala n'chakuti inu muulandire. Ndipo za kusangalala kwanu mutaona maso a mdzukulu wanu pankhope ya mayi ake, palibe choti muulule pamenepo. Munazindikira mwana wa pakhomo panu, basi.

Chimene chinalakwika paulendo woyamba uja n'chakuti munachita mobisa, ndiye nkhani inatuluka ngati nthabwala ya pachitsime. Chitani poyera. Itanani akuluakulu a banja lanu ndi a kwa mayi a Ipyana, Gwakisa akhalepo ngakhale pafoni, muwauze vuto lanu n'kuwafunsa kuti, kwathu kuno zikafika potere timamasula bwanji? Ndamvapo mabanja amene mkulu anapereka mphatso kwa mpongozi pamaso pa mboni, nanena kuti kuyambira lero uyu ndi mwana wanga. Kaya kwanuko amatero kapena ali ndi njira ina, eni ake akuuzani. Mukhoza kumasula za ulendo zokha, zina n'kukhala mmene zinalili, ngati nonse awiri mukufuna choncho. Mayi a Ipyana muwafunse nawonso kudzera mwa Ndimbumi, poti mwambowu ndi wa anthu awiri. Abusa anu apemphere pamapeto. A Asajile muwaitane, muwapatse mpando wabwino. Munthu amene wadya nawo nyama ya pamwambo savuta kutseka pakamwa. Akakana, afunseni mwaulemu kuti mwa ana awo atatu aja ndi uti amene azikutengani ku Mbeya mwezi uliwonse. Yankho lawo likuthandizani kudziwa kulemera kwa malangizo awo.

Koma ulendo wa kuchipatala usadikire msonkhanowu. Chitenje chisamangidwenso, galasi likhale pamalo pake, wapolisi uja ananena zoona. Inu khalani kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa woyendetsa, pamene galasi silifika bwino, Ndimbumi akhale kutsogolo azilongolola.

Funso lanu lomaliza ndilo lalikulu, ndipo sindikunamizani: kiyi wa njinga uja sabwerera. Munthu amene ankanyamula anzake akayamba kudikira kunyamulidwa amalira maliro amene ena sawaona. Lirani, koma musakhale pamaliropo mpaka kale. Njingayo igulitseni kapena mupatse wachibale, isamakuyang'aneni tsiku ndi tsiku. Nkhuku zipeza poikira pena.

Chimene chimadwalitsa munthu wodalira ena si ulendo weniweniwo, koma kusadziwa ngati ulendowo ulipo. Choncho tsiku loyezetsa lizidziwika kwa onse likangoperekedwa, ndipo pakhale wachiwiri woti mayi a Ipyana akadwala kapena galimoto ikawonongeka, iye alowepo. Mumpingo mwanu simungalephere kukhala munthu amene amapita ku Mbeya kawirikawiri, ndipo mwina pali okalamba ena amene akubisala kuseri kwa makatani awo ngati inu. Ndinu mkulu wa mpingo, ikambeni nkhaniyi pabwalo la akuluakulu. Mwana wanu wa ku Dar auzidwe kuti mafuta a galimoto ndi gawo lake. Adokotala muwafunse ngati miyezi ina mungayezetse pachipatala chapafupi. Muwauzenso za tulo, za mtima ndi za chakudya chosalowacho, akuyezeni kuthamanga kwa magazi. Si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndi thupi limene latopa ndi nkhawa.

Komanso moyo wanu wonse usakhale pa matayala. Tsiku lililonse likhale ndi kanthu kamene mumachita ndi miyendo yanu ndi manja anu: kuyendera nthochi, kukacheza kwa Ndimbumi, kukaona wodwala wapafupi. Auzeni anthu kutchalitchi kuti simuona m'mbali, azikuimirani kutsogolo. Mawu awiri okha athetsa nkhani ya matama ija. Maliro a kutali sankhani amene simungawaphonye, enawo tumizani chipepeso ndi mawu, anthu akadziwa chifukwa chake amvetsa. Ndipo pokwera galimotoyo musamakwere chimanjamanja. Ikanimo mkoko wa nthochi za m'munda mwanu, kapena botolo la mkaka, zikhale za mayi a Ipyana. Munthu amene wabweretsa kanthu sadziona ngati katundu.

Chenjezo langa ndi ili. Musagulenso mankhwala a m'maso poyerekeza mabotolo, musalole wina aliyense akudonthezereni zitsamba, ndipo bodaboda m'nyengo ya mvula muiiwale. Diso likayamba kuwawa kwambiri kapena kuona kukasintha mwadzidzidzi, pitani tsiku lomwelo, ndi galimoto iliyonse imene ilipo.

Mukuopa kuti mukayang'ana mpongozi wanu mutaya diso. Bambo, zimene adokotala anakuuzani ndi zosiyana: mulitaya mukapitiriza kukhala kuseri kwa katani. Mukatero mwambowo mudzausunga bwino kuposa bambo anu, chifukwa mayi a Ipyana simudzawaonanso mpaka kale. Koma Ipyana nayenso simudzamuona. Galimoto ikadzaima pachipata, valani chipewa chanu mutuluke. Chitseko anakutsegulirani kale.

Aphungu